Munthu akamenyetsa mutu, yang'anirani mmene akusinthira

Bala la pamutu limatulutsa magazi ambiri chifukwa khungu la pamutu lili ndi mitsempha yochuluka. N'chifukwa chake pamalo a ngozi anthu amathamangira amene nkhope yake yafiira ndi magazi, n'kumusiya uja wakhala phee m'mbali mwa msewu, wopanda bala, akungofunsa mobwerezabwereza kuti, "Kodi chachitika n'chiyani?" Ife amene timalandira ndi kusamalira anthu ovulala m'mutu timada nkhawa kwambiri ndi wachiwiriyu. Bala la pakhungu timalisoka ndipo limapola. Ubongo umatha kuvulala koopsa kunja kusakuoneka kanthu, ndipo chimene chimatiuza zoona ndi mmene munthuyo akusinthira ola ndi ola.

Ambiri amene amafika m'zipatala zathu ndi a ngozi za pamsewu: oyendetsa ndi okwera njinga zamoto za kabaza, oyenda pansi ogundidwa ndi galimoto, okwera pamwamba pa katundu m'malole. Ena ndi ana ogwa mumtengo nyengo ya mango, amisiri ogwa padenga, omenyedwa pa ndewu kapena ndi akuba, ogweredwa ndi khoma nthawi ya mvula, ndi agogo oterereka kubafa.

Zimene zimachitika mkati mwa chigaza

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo ndi wofewa ngati peyala lakupsa. Umakhala m'chigaza utakutidwa ndi timakungu titatu, ukuyandama m'madzi oyera. Mutu ukagunda chinthu, kapena ukagwedezeka mwamphamvu ngakhale osagunda kanthu, ubongo umakamenya fupa mkatimo n'kubwerera kukamenya mbali inayo. Choncho munthu wogwa chagada n'kumenyetsa nkhongo amatha kuvulala ubongo wa kumphumi. Mutu ukapotokoka mwadzidzidzi, timitsempha tating'ono kwambiri tonyamula mauthenga timaduka m'malo ambiri nthawi imodzi. Kuvulala kotereku nthawi zina sikuoneka ngakhale pa CT scan, makina ojambula mkati mwa mutu, koma munthu amakhala chikomokere masiku ambiri.

Chigaza sichitanuka. Mwendo ukatupa umakhala ndi kotupira, koma ubongo ukatupa, kapena magazi akamaunjikana mkati, palibe kolowera. Ubongo umathinikizika, magazi abwino amalephera kufika, ndipo pamapeto pake umakankhidwira pansi, kumene kuli gawo loyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Imfa zambiri za ovulala m'mutu zimadzera pamenepa.

Ubongo umavulala kawiri. Koyamba ndi pa nthawi ya ngozi, ndipo palibe amene angabweze zimenezo. Kachiwiri ndi m'maola ndi m'masiku otsatira, pamene munthu sakupuma bwino, magazi atsika chifukwa akutayikira pena pake, shuga watsika, thupi latentha, kapena akugwa khunyu. Kuvulala kwachiwiriku n'kopeweka, ndipo ntchito yonse ya opulumutsa, abale ndi achipatala imagona pamenepa.

Wotsitsimuka n'kuyankhula bwino sanapulumuke ayi

M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi othamanga ochokera kumtima. Mwala, chibonga kapena phula zikamenya pamenepo, fupa limasweka n'kudula mtsemphawo. Munthu amakomoka kwa mphindi zochepa, amatsitsimuka, amayankhula zomveka, mwinanso amadziyendera yekha mpaka kunyumba n'kudya nsima. Nthawi yonseyi magazi akuunjikana pakati pa fupa ndi kakhungu kokuta ubongo. Pakatha ola limodzi kapena maola angapo, mutu umayamba kuwawa modetsa nkhawa, amasanza, amayamba kusinza. Abale amati, "Watopa, musiyeni agone." Kenako amayamba kuliza mkonono wachilendo, mwana wa diso limodzi amakula kuposa mnzake, dzanja ndi mwendo wa mbali ina zimafooka, ndipo pofika m'mawa sadzukanso.

Chimatipweteka mtima n'chakuti munthu wotere ubongo wake nthawi zambiri umakhala usanawonongeke kwenikweni. Akafika msanga pamene pali dokotala wotha kutsegula chigaza n'kuchotsa magaziwo, ambiri amachira n'kubwerera ku ntchito zawo. Chimene chimamupha ndi kuchedwa. Ndiye aliyense amene anakomoka atamenyetsa mutu, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha, aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale iye akukana kuti ali bwino.

Kwa achikulire, komanso kwa anthu omwa mowa kwambiri, pali mtundu wina umene umabwera mwakachetechete. Ubongo wawo umakhala utachepa pang'ono, ndipo timitsempha tolumikiza ubongo ndi kakhungu kake timakhala titakokeka. Kugwa pang'ono, ngakhale kugunda mutu pachitseko chachifupi, kumadula kamtsempha kamodzi, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono. Pakatha milungu iwiri, mwezi, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu, agogo amayamba kuiwalaiwala, kusokonezeka, kukoka mwendo, kusinza masana, lero ali bwino mawa sali bwino. Kugwa kuja aliyense anaiwala. Pakhomo amati ndi ukalamba, ena amati ndi sitiroko, ena amayamba kuloza chala achibale kuti awalodza. Komatu ameneyu amatha kuthandizidwa ndi opaleshoni yaifupi yoboola timabowo pachigaza kuti magazi akale atuluke. Mukapita nawo kuchipatala, nenani za kugwako ngakhale kunali kale. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena aspirin wa tsiku ndi tsiku, ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo asadikire zizindikiro.

Pamalo a ngozi

Munthu aliyense wovulala kwambiri m'mutu muzimutenga ngati wathyokanso khosi mpaka achipatala atatsimikiza kuti ayi. Taona anthu amene anachoka pansi akugwedeza miyendo, koma anafika kuchipatala atafa ziwalo chifukwa cha kanyamulidwe: wina wagwira manja, wina miyendo, mutu ukulendewera, n'kumupinda kumpando wakumbuyo kwa galimoto. Chitani motere. Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutu ndi manja awiri m'mbali, kuti mphuno, chibwano ndi mchombo zikhale pa mzere umodzi. Ena atatu kapena anayi amutembenuze thupi lonse pamodzi, wa kumutuyo ndiye azilamula. Mugonekeni pa chinthu cholimba, chitseko kapena thabwa lalikulu, ndipo pindani zitenje kapena majuzi muike mbali zonse za mutu kuti usagwedezeke. Ngati wavala helemeti, musamuvule pokhapokha ngati ikumulepheretsa kupuma kapena akusanza, ndipo povula pakhale anthu awiri, wina atagwira khosi.

Kupuma ndiko koyamba. Munthu wokomoka akagona chagada, lilime limagwera kukhosi, ndipo masanzi ndi magazi zimalowa m'mapapo. Ngati akusanza kapena akupuma mokhala ngati akutsamwa, mutembenuzeni chammbali thupi lonse pamodzi monga tafotokozera, kuti zotuluka zigwere pansi. Musamupatse madzi, mkaka, fanta kapena chakudya. Musamuthire madzi kumaso, musamugwedeze kuti adzuke.

Bala lotaya magazi lipanikizeni ndi nsalu yoyera. Koma mukamva kuti fupa lalowa mkati, kapena lafewa, panikizani m'mphepete mokha. Chinthu chimene chabaya n'kukhala momwemo musachizule. Magazi kapena madzi oyera akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, musatseke ndi thonje, ingophimbani pamwamba ndi nsalu yoyera kuti azituluka. Madziwo ndi aja amazungulira ubongo, ndipo akusonyeza kuti tsinde la chigaza lasweka.

Pali cholakwika china chimene chimatenga miyoyo yambiri, makamaka Lachisanu ndi Loweruka usiku. Munthu akununkha mowa, akuyankhula zosamveka, akudzandira, ndiye aliyense amati waledzera, akagone. Kuledzera ndi kuvulala ubongo zimaoneka mofanana, ndipo kawirikawiri zimakhala pamodzi. Woledzera wamba amapita akutsitsimuka maola akamadutsa. Amene akunka naipiraipira, kapena ali ndi chotupa ngakhale chaching'ono pamutu, mumutenge ngati wovulala.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Mutu wowawa mowonjezereka osamva mankhwala. Kusanza kopitirira kamodzi. Tulo tovuta kudzutsa. Kusokonezeka, kusazindikira abale kapena malo, kubwereza funso lomwelomwelo. Kugwa khunyu. Kufooka kapena dzanzi mbali imodzi, kukhota pakamwa, lilime lolemera. Kuona zinthu ziwiriziwiri. Mwana wa diso limodzi kukula kuposa mnzake, zimene mungaone ndi tochi ya foni. Magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno. Kuda kozungulira maso onse awiri pamene maso sanamenyedwe, kapena kuda kuseri kwa khutu, kumene kumatha kuoneka patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira. Onjezanipo aliyense wa zaka 65 kapena kuposa, ndi aliyense amene sakukumbuka zimene zinachitika ngozi isanachitike.

Kwa mwana wakhanda yang'anani liwombo: likatukuka n'kulimba mwana ali phee, pali vuto. Kulira kosatonthozeka, kukana bere, kufooka, ndi chotupa chofewa chachikulu m'mbali mwa mutu n'zoopsanso. Tinene pano kuti khanda siligwedezedwa. Mutu wake ndi waukulu, khosi n'losalimba, ndipo kumugwedeza mwaukali kwa kanthawi kochepa chifukwa akulira kumadula mitsempha ya mu ubongo ndi m'maso. Akakutopetsani, mugonekeni pabwino mutuluke kaye panja. Mwana wamkulupo amene wagwa n'kuyamba kusinza thupi litatentha ayezedwe malungo, inde, koma auzeni achipatala za kugwako, chifukwa kupezeka ndi malungo sikuchotsa kuvulala. Nthawi zinanso khunyu la malungo ndilo linayamba n'kumugwetsa.

Mukafika kuchipatala

Mudzamva anamwino akutchula nambala, "ali pa 13", "watsika wafika pa 9". Umenewu ndi muyezo wa Glasgow Coma Scale, umene anaupanga madokotala Graham Teasdale ndi Bryan Jennett ku Glasgow mu 1974. Amaona zinthu zitatu: kutsegula maso, kumene kumafika pa 4, kuyankhula, kumene kumafika pa 5, ndi kugwedeza ziwalo akauzidwa kapena akatsinidwa, kumene kumafika pa 6. Munthu wabwinobwino amakhala pa 15, wokomoka kotheratu pa 3. Kuyambira 13 mpaka 15 ndi kuvulala kocheperako, 9 mpaka 12 n'kwapakati, 8 kutsika m'munsi n'koopsa, ndipo wotereyu nthawi zambiri sangateteze yekha njira yake ya mpweya. Kwa ana aang'ono amene sanayambe kuyankhula, m'zipatala zathu mudzamvanso za Blantyre Coma Scale, ya 0 mpaka 5, imene inapangidwira kuno ku Queen Elizabeth poyeza ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Nambala imodzi siinena zambiri. Chofunika ndi kumene ikulowera. Wodwala akatsika ndi 2, dokotala ayenera kudziwa nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene gadiyani amapulumutsa moyo. M'wodi yodzaza, namwino mmodzi sangakhale pa bedi limodzi usiku wonse, koma inu muli pomwepo. Ngati madzulo amakuyankhani ndipo tsopano akungobuula, ngati amatsegula maso mukamuitana ndipo tsopano mpaka mumutsine, pitani mukaitane namwino, ndipo nenani mwatchutchutchu chimene chasintha. Mawu akuti "sakupeza bwino" sathandiza. Nenani kuti, "Cha m'ma 8 koloko amanditchula dzina, panopa sakutsegula maso."

Konzekerani kuyankha mafunso awa: ngozi inachitika nthawi yanji, anagwa kuchokera patali bwanji, anakomoka nthawi yaitali bwanji, wasanza kangati, anagwa khunyu, amamwa mankhwala anji, anamwa mowa. Nthawi ya ngozi ndi yofunika chifukwa pali mankhwala ochepetsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid amene amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe.

X-ray imaonetsa fupa lokha. Munthu akhoza kukhala ndi X-ray yabwino magazi akuunjikana mkati. Choonetsa magazi ndi kutupa ndi CT scan, imene imapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumenenso kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Achipatala cha boma laling'ono akakuuzani kuti akutumizani kumeneko, musachedwetse ulendo podikira msonkhano wa abale kapena amalume amene ali kutali. Wodwala ali pabedi, mutu wa bedi ukwezedwe pang'ono, pafupifupi madigiri 30, khosi likhale lowongoka kuti magazi azitsika bwino kuchokera kumutu.

Munthu wovulala kwambiri akamatsitsimuka sadzuka kamodzin'kamodzi n'kuyamba kucheza. Amadutsa m'nyengo ya chisokonezo: amazula madiripi, amatukwana, amavula zovala, amafuna kuthawa, sadziwa kuti ali kuti, ndipo zimene mwamuuza m'mawa amaiwala masana. Abale ambiri amalira kuti wapenga. Kawirikawiri imeneyi ndi njira yochirira, ndipo imatenga masiku kapena milungu. Chepetsani alendo, muziyankhula mmodzimmodzi motsitsa mawu, muzimuuza mobwereza dzina lanu, tsiku ndi malo. Musakangane naye.

Akakubwezani kunyumba

Kwa maola 48 oyamba asakhale yekha. Kugona sikoletsedwa, ubongo umafuna tulo kuti uchire, koma usiku woyamba muzimudzutsa maola awiri kapena atatu alionse, mumufunse dzina lake ndi kumene ali, muone ngati akugwedeza manja ndi miyendo yonse mofanana. Pa mutu wowawa mupatseni Panado yekha: wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Aspirin, Brufen, Indocid ndi diclofenac asamwe m'masiku oyambawa, chifukwa amalepheretsa magazi kuundana. Mowa, chamba ndi mapiritsi ogonetsa ayi, chifukwa zimabisa zizindikiro. Asayendetse galimoto kapena njinga, asakwere padenga kapena mumtengo, asasambe yekha kumtsinje kapena kunyanja.

Ngakhale kuvulala kochepa kumasiya mutu wowawa, chizungulire, kutopa msanga, kudana ndi phokoso ndi kuwala, kusagona bwino ndi kuvutika kuika maganizo pa chinthu. Ambiri zimenezi zimatha mkati mwa milungu iwiri mpaka inayi. Apume tsiku limodzi kapena awiri, foni ndi TV achepetse, kenako ayambe kuyendayenda ndi kugwira tintchito topepuka. Kumutsekera m'chipinda cha mdima milungu yathunthu kumachedwetsa kuchira. Lamulo lake n'losavuta: ntchito ikakulitsa mutu kapena chizungulire, abwerere m'mbuyo pang'ono, ayesenso mawa. Wosewera mpira amene wagundana mutu n'kuzunguzika atuluke m'bwalo ndipo asabwereremo tsiku limenelo, ngakhale masapota akuwe chotani. Ubongo umene sunachire ukamenyedwanso umatha kutupa mwadzidzidzi, makamaka kwa achinyamata. Zizindikiro zikapitirira mwezi, bwererani kuchipatala.

Munthu amene wabwera kunyumba amaoneka yemweyo, koma wasintha

Gawo ili ndi limene mabanja sauzidwa mokwanira, ndipo ndi limene limapasula maukwati. Mabala apola, akuyenda, akudya, anthu a kumpingo abwera kudzathokoza Mulungu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mayi wa pakhomo amayamba kunena chamumtima kuti, "Awa si bambo aja ndinkawadziwa."

Ubongo wa kumphumi ndi umene umagwira munthu kuti asanene kapena kuchita chilichonse chimene chamubwerera, umene umakonza mapulani ndi kuyambitsa ntchito. Ndi umenenso umavulala kawirikawiri, chifukwa fupa la kunsi kwake ndi lokhakhala. Ukavulala, munthu amapsa mtima ndi kanthu kochepa, mwana kungogwetsa kapu. Amayankhula zolaula pamaso pa apongozi. Amamwaza ndalama. Kapena amangokhala pakhonde tsiku lonse osayamba kanthu, anthu n'kumati ndi ulesi. Chovuta kwambiri n'chakuti iye mwini nthawi zambiri saona kuti wasintha, chifukwa gawo lodziyang'anira ndi lomwelo lavulala. Kumukalipira kuti asinthe khalidwe sikuphula kanthu. Si mwano, si mizimu, ndipo sanalodzedwe.

Chimene chimathandiza ndi kuona zimene zimayatsa ukaliwo. Kawirikawiri ndi kutopa, phokoso, njala, ululu, anthu ambiri kuyankhula nthawi imodzi, kapena kufunsidwa zinthu zingapo pakamodzi. Mukaona nkhope ikusintha, tsitsani mawu, sinthani nkhani kapena chokanipo kwa mphindi khumi, mudzakambirane atazizira. Tsiku likhale ndi ndondomeko yosasinthasintha: nthawi yodzuka, yodya, yopuma masana, yogona. Koma tinene mosabisa: kuvulala sikupatsa munthu ufulu womenya mkazi kapena ana. Zikafika pamenepo, chotsani ana, bisani zikwanje ndi mipeni, itanani abale, ndipo mupite naye kuchipatala, chifukwa mankhwala othandiza alipo.

Kuiwala kwake kumadabwitsa abale. Amakumbuka bwino za kusukulu ya pulaimale, koma sakumbuka ngati wamwa mankhwala m'mawa. Zakale zinasungidwa kale, chovuta ndi kusunga zatsopano. Mugulireni kope limodzi lolembamo zonse, ikani alamu pa foni ya nthawi ya mankhwala, makiyi ndi buku la kuchipatala zikhale pamalo amodzi nthawi zonse. Muzimuuza chinthu chimodzi, amalize, kenako china. Kutopa kwa ubongo nakonso n'kwenikweni: ola limodzi mumsika limatha kumugoneka tsiku lonse.

Amene wavulala mbali ya kumanzere kwa ubongo amatha kuvutika kupeza mawu kapena kumva zimene mukunena, nzeru zili bwinobwino. Mupatseni nthawi, musamumalizire mawu msanga, musamuyankhule ngati mwana. Ena amasiya kumva fungo, chakudya n'kusakoma, ndipo sangamve utsi, petulo kapena ndiwo zosasa, choncho asasiyidwe yekha ndi moto. Chizungulire chimene chimabwera potembenuka pabedi kapena poyang'ana kumwamba, n'kutha mphindi isanakwane, nthawi zambiri chimachokera mkati mwa khutu, ndipo a mafizo amatha kuchithetsa potembenuza mutu mwa njira yake. Pansi pa ubongo palinso kachiwalo koyendetsa michere ya m'thupi. Kakavulala, munthu amakodza kwambiri ndi kumva ludzu losatha, mayi amasiya kusamba, bambo amataya chilakolako, thupi limangofooka. Izi anthu amachita nazo manyazi, koma zinenedwe kwa dokotala.

Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amagwira ambiri, makamaka pamene munthu wayamba kuzindikira zimene wataya: ntchito, njinga imene inali ya ngongole, ulemu wake pakhomo. Akanena zoti kuli bwino kufa, musazitenge ngati zocheza. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo mukaonane ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma. Chipatala cha Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimathandizanso pa zimenezi. Wosamalira wodwala nayenso amatopa mpaka kudwala. Abale agawane masiku, ntchitoyi isagwere munthu mmodzi.

Khunyu

Kugwa khunyu m'masiku 7 oyamba sikutanthauza kuti munthu adzakhala nalo moyo wonse. Koma likayamba patapita miyezi kapena zaka, limachokera pa chipsera cha mu ubongo, ndipo limafuna mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amene fupa linalowa mkati kapena anataya magazi mu ubongo ndiwo amakumana nalo kwambiri. Akagwa, chotsani zinthu zomupweteka, ikani chofewa kumutu, musamupanikize, musaike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo akasiya kugwedezeka mugonekeni chammbali. Likapitirira mphindi 5, kapena likabwereza asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Khunyu silipatsirana, malovu ake sangakudwalitseni. Tikunena izi chifukwa anthu amapsa pamoto ena akuonerera poopa kuwagwira.

Mankhwala ake asasiyidwe mwadzidzidzi, ndipo mukatenge ena asanathe. Muuzeni dokotala ngati wodwala amamwa ma ARV kapena ali pa njira yolera, chifukwa carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena, mapiritsi olera ndi njira yolera yoika pamkono. Sodium valproate amatha kuvulaza mwana ali m'mimba, choncho mayi amene angatenge pakati akambirane ndi dokotala asanayambe.

Wogonera pabedi

Amene sangadzitembenuze yekha muzimutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku. Tsiku lililonse yang'anani m'chiuno, kumatako, m'zidendene, m'mapewa ndi kunkhongo. Pamene pafiira kapena pada osabwerera mukadina, chilonda chayamba, ndipo asagonerenso pamenepo. Zofunda zikhale zouma, zopanda makwinya. Pindani ndi kuwongola mfundo iliyonse, zala, chigongono, phewa, bondo ndi kakolo, kakhumi, kawiri kapena katatu pa tsiku, mofatsa, chifukwa mfundo yosagwedezeka imauma itapindika ndipo kuiwongolanso n'kovuta kwambiri.

Kudyetsa kumafuna chisamaliro chachikulu, popeza chibayo chobwera chifukwa cha chakudya cholowa m'mapapo chimapha ambiri amene anapulumuka ngozi. Mudyetseni atakhala tsonga, ali maso, ndi supuni yaing'ono, ndipo akhale choncho mphindi 30 atatha kudya. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa msanga, pamene phala lolimbirako limamezeka bwino. Akamakhosomola pomeza, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, siyani ndipo funsani achipatala, mwina akufunika kachubu ka m'mphuno. Mutsukeni m'kamwa kawiri pa tsiku ngakhale sakudyera pakamwa.

Kuchira kumathamanga kwambiri m'miyezi 6 yoyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri ngakhale kupitirira. N'chifukwa chake mafizo ayambe msanga. Funsani ku dipatimenti ya mafizo pachipatala cha boma, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre. Pemphani kuti akuonetseni zochita kunyumba, chifukwa zimene zimachitika tsiku ndi tsiku pakhomo n'zimene zimabweza dzanja ndi mwendo.

Mwana wobwerera kusukulu ayambe ndi theka la tsiku, akhale kutsogolo, ndipo aphunzitsi auzidwe kuti asamukwapule chifukwa choiwala. Kwa ana, mavuto ena amaonekera patapita zaka, maphunziro akayamba kulimba, ndiye mbiri ya kuvulalako isatayike. Sungani buku la kuchipatala, zotsatira za CT scan ndi lipoti la polisi pamalo amodzi, zidzafunika pa nkhani ya inshuwalansi kapena chipukutamisozi cha kuntchito.

Woyendetsa kabaza asabwerere pamsewu akadali ndi chizungulire, akuona ziwiriziwiri, akuchedwa kuganiza, kapena ngati anagwapo khunyu, mpaka dokotala atamulola. Amene anavulalapo kamodzi savuta kuvulalanso, ndipo kachiwiri kamawononga kuposa koyamba. Akabwerera, avale helemeti yeniyeni ya njinga yamoto, yomukwana, lamba wa pachibwano atamanga moti pangolowa zala ziwiri. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba sichinapangidwire ngozi ya pamsewu, ndipo helemeti yosamanga imauluka mutu usanafike pansi. Imene inamenyapo kale pansi pa ngozi isinthidwe ngakhale ikuoneka yabwino kunja, chifukwa chofewa cha mkati chimene chimalandira mphamvu chimaphwanyika kamodzi kokha.